Madzi Olekeza mu Akakolo

Dzina loti Pafupifupi anamupatsa ndi telala amene anamuchotsa ntchito. Munthuyu ukamufunsa kuti nsalu yatsala yotalika bwanji, ankati, "Pafupifupi mamita awiri." Ukamufunsa nthawi, pafupifupi teni koloko. Ngakhale mkazi wake atalongedza katundu n'kubwerera kwawo, anthu atamufunsa ngati banja latha, iye anangoti, "Pafupifupi." Telala uja anapirira mpaka tsiku limene thalauza la kasitomala wina linatuluka mwendo umodzi ukusesa pansi, winawo ukusuzumira bondo.

Ntchito itatha, Pafupifupi anakakhala kwa achemwali ake, amene anagwirapo unamwino asanakwatiwe ndi Abusa. Anamupatsa kachipinda kakuseri, kosungiramo mipando yothyoka, ndipo achemwali akewo anamulembetsa sukulu ya akuluakulu ya masana. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi masitepe. Aphunzitsi anajambula masitepe pabolodi, pamwamba kilo, kenako hekito, deka, mita, desi, senti, pansi penipeni mili.

"Mukatsika sitepe imodzi, onjezani ziro," anatero aphunzitsi. "Mukakwera, chotsani ziro. Kuti musaiwale ndondomeko yake, lowezani mawu awa: Kukwera Hatchi Dala Mudzagwa, Dikirani Sitima Mawa."

Pafupifupi anaona ngati amutsegula m'maso. Moyo wake wonse ankaopa manambala, chonsecho nkhani yake ndi yongokwera ndi kutsika! Anagula tepi nayamba kuyeza chilichonse m'nyumba. Tebulo, chitseko, mchira wa mphaka. Pachakudya ankalengeza kuti supuni ndi masentimita 18, omwe ndi mamilimita 180, mpaka Abusa anamupempha kuti masamu azidikira adalitse kaye chakudya.

Tchalitchi cha Abusa chinali galaja yakale yokonzeramo magalimoto. Dzuwa likatentha, fungo la oyilo linkadzuka pansi n'kumapemphera nawo. Kutsogolo kwa guwa kunali dzenje lija amalowamo amakanika akafuna kuona kunsi kwa galimoto, ndipo Abusa ataliona anati limeneli ndi dziwe la ubatizo lokumbiratu. Analikulungiza ndi simenti, kulipaka utoto wobiriwira, n'kulivundikira ndi matabwa kuti ana asagweremo. Abusawa pa nkhani ya ubatizo sankaseka ndi munthu.

"Tchimo si fumbi loti n'kuwaza timadontho!" ankatero akumenya guwa. "Tchimo ndi girizi! Munthu amizidwe yense, tsitsi ndi zikhadabo zomwe!"

Sabata yotsegulira dziwelo, mipopi ya dera lonse inauma. Panafunika kuitanitsa galimoto yogulitsa madzi, ndipo Abusa anayang'ana mlamu wawo.

"Alamu, paja ndinu a masamu m'nyumba muno. Tapimani dziwe lija, muwauze a galimoto malita amene tikufuna."

Pafupifupi anatsikira m'dzenjemo ndi tepi yake, mtima uli m'malo. Mulitali mamita atatu. Mulifupi mita imodzi. Kuya mita imodzi. Anachulukitsa n'kupeza 3. Apo anaima pang'ono. Zitatu za chiyani? Malita atatu ndi a m'ketulo, amenewo ngakhale nkhuku singamire. Anakumbukira masitepe. Kuchoka pa mita kufika pa senti ndi masitepe awiri, maziro awiri. Malita 300. Nambalayo inaoneka yaulemu, yoyenera nyumba ya Mulungu. Anaganizako zofunsa achemwali ake, koma anati munthu wa pasukulu safunsa m'khitchini.

Galimoto inafika Lamulungu m'mawa, anthu atayamba kale kudzaza. Dalaivala analowetsa paipi pampata wa matabwa, matabwawo osawachotsa.

"Malita 300 okha, achimwene? Mukubatiza makanda?"

"Ndawerengera bwinobwino," anayankha Pafupifupi. "Inu thirani."

Dalaivala anathira, nakulunga paipi yake, n'kupita kukapereka madzi kutali.

Woyamba kubatizidwa tsiku limenelo anali mwini butchala ya kutsidya kwa msewu, amene aliyense ankangomutchula kuti a Butchala. Chinali chimunthu cha makilo 120, khosi ngati la ng'ombe zimene chinkasenda, ndipo kutembenuka kwake inali nkhani ya msewu wonse. Tchalitchi chinadzaza mpaka pazenera. Pabenchi yakutsogolo panakhala apongozi awo a Butchala, mayi wowonda wa mpingo wina umene umabatiza mowaza. Anabwera atavala magalasi oonera patali, manja atapinda pachifuwa.

Abusa analalikira za girizi mpaka mawu kusasa. Kenako anavala mwinjiro woyera, nalamula madikoni kuti achotse matabwa, n'kuyamba kutsika m'dziwe maso ali kumwamba. Sitepe yoyamba, youma. Yachiwiri, youma. Anapitirira kutsika akufufuza madzi ndi chala cha kuphazi, mpaka anaponda pansi penipeni. Kunamveka kaphokoso koti tchapu.

Madzi analekeza mu akakolo.

Abusa anayang'ana mapazi awo, anayang'ana mimba ya a Butchala, kenako anayamba kufunafuna mlamu wawo ndi maso. Pafupifupi anali atabisala kale kuseri kwa woimba ng'oma.

"Kwathu timawaza," anatero apongozi aja mokweza, ngati akuuza mnzawo wapambali, "koma timakhala titadziwiratu kuti tiwaza."

"Kwaya!" anakuwa Abusa ali m'dzenje. "Tiimbireni nyimbo. Yaitali!"

Kwaya itayamba, Pafupifupi anamva dzanja likumugwira kolala. Achemwali ake anamukokera m'kachipinda kosambiramo m'manja, n'kutseka chitseko ndi chidendene.

"Iwe, wauza anthu aja malita angati?"

"300, achemwali. Ndinatsika masitepe awiri monga anatiphunzitsira."

"Bweretsa tepi yakoyo."

Khoma la kachipindako linali la timatailosi ting'onoting'ono toyera, totsala nthawi ya galaja. Mayi Busa anaika tepi pa kamodzi.

"Werenga."

"Masentimita teni. Uku nakonso teni."

"Tsono yerekeza kabokosi, mbali zake zonse ngati katailosi aka. Madzi odzaza m'menemo ndiye lita imodzi. Odwala ndawamwetsa malita osawerengeka, ndikudziwa chimene ndikunena. Pa mita imodzi pakwana timabokosi tingati?"

Pafupifupi anayendetsa chala pakhoma. "Khumi."

"Kukwera m'mwamba mita imodzi?"

"Khumi. Ndiye kuti pakhoma pali handiredi." Nkhope yake inawala. "Mwaona, achemwali? Handiredi kuchulukitsa katatu, 300!"

"Ndiye alamu akowo abatize anthu pakhoma? Dzenje lilibe mimba?"

Pafupifupi anayang'ana khoma, kenako anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, sitepe imodzi yaikulu, akuona m'maganizo mwake makoma a timabokosi akundandalikana kuchoka kukhomako kufika pamene anaima. Khoma lachiwiri, lachitatu, mpaka lakhumi.

"Sauzande," ananong'ona. "Pa mita imodzi yokha. Dzenje lonse malita 3,000."

"Masitepe akowo ndi a chingwe, chinthu chongotalika. Dzenje lili ndi mbali zitatu. Ukatsika sitepe imodzi, zonse zitatu zimatsika nawe, maziro atatu. Safunsa anadya phula, iwe wamwetsa phula mpingo wonse."

Kunja kwaya inamaliza nyimbo n'kuiyambanso. Pafupifupi anayesa kuimbira dalaivala uja, foni inali yozimitsa. Mayi Busa anati palibe kuchitira mwina, akauze amuna awo kuti ubatizo ulephereke. Pafupifupi anaganiza za nkhope ya apongozi aja, anaganizanso za kachipinda kake ka mipando yothyoka, kamene mwina usiku womwewo sakanagonamonso. Anasuzumira pazenera ngati wofuna pothawira. Kutsidya kwa msewu kunali butchala, ndipo kudzera pagalasi lake ankaona chifiriji chogona, choyera, chachitali ngati bokosi la maliro.

"Achemwali," anatero, "madzi ndi ochepa kapena dzenje ndi lalikulu?"

A Butchala atawanong'oneza, anapereka makiyi mosavuta. Pafupifupi anawoloka msewu akuthamanga, nazimitsa firijiyo, kutulutsa mwendo wa mbuzi ndi nkhuku zimene zinalimo, n'kuika tepi m'kati. Ulendo uno anayeza mowerenga timabokosi. Mulitali 15, mulifupi 6, kuya 7. Anachulukitsa kawiri konse. Malita 630. Madzi awo aja akanafika chapakati.

Abusa atamva, anatuluka m'dzenje mwinjiro ukudontha m'mphepete mokha.

"Alamu, mwandichititsa manyazi pamaso pa owaza, tsopano mukufuna ndibatize munthu mufiriji?"

"Bambo," anatero Mayi Busa motsitsa mawu, "inu mwalalikira kumiza. Za dzenje simunalalikirepo."

"Abusa, musadandaule," anawonjezera a Butchala. "Theka la ng'ombe limalowa m'menemo. Ine ndingakanike?"

Abusa anayang'ana kubenchi yakutsogolo. Apongozi aja anali akupukuta magalasi awo kuti aone bwino. Zimenezo ndi zimene zinagamula mlandu.

Madikoni ananyamula firiji kuwoloka nayo msewu, magalimoto ataima, madalaivala atatulutsa mitu. Anaikhazika patsogolo pa guwa. Amayi anapanga mzere n'kumatunga madzi m'dzenje ndi ndowa, kenako ndi mabeseni, pomaliza ndi mbale za chopereka. Pafupifupi anaviika tepi mufiriji n'kupeza masentimita 33. Anayang'ana mimba ya a Butchala. Mimba imeneyo, mwini wake atagona chagada, inkaoneka kuti ipitirira pamenepo.

A Butchala anakwera pampando, naponya mwendo umodzi m'kati, kenako winawo. Atayamba kukhala pansi, madzi anayamba kukwera m'mbali mwa firiji. Mayi wina wa kwaya anaona.

"Madzi akukwera! Abale, madzi akuchuluka okha!"

Tchalitchi chinaphulika. Ena anagwada, ena anakwera pamabenchi, woimba ng'oma anaiwala nyimbo n'kumangomenya. Abusa, amene sanali munthu wotaya mwayi, anakweza manja.

"Mwaona? Mwaona inu okayika?"

Pafupifupi anatembenukira kwa achemwali ake, maso ali tong'o.

"Ndi thupi la a Butchala limenelo," Mayi Busa anamunong'oneza. "Munthu wa makilo 120 amakankha madzi okwana ngati malita 120. Tseka pakamwa, usawononge chozizwitsa."

Kumiza kwenikweniko kunali ntchito. Abusa akakanikiza mutu, mimba inkatumphuka ngati chilumba. Akakanikiza mimba, mawondo ankatuluka. Anaitana dikoni wamkulu kuti agwire mawondo, iwo dzanja limodzi pamphumi, lina pamchombo, ndipo pa kamphindi kochepa a Butchala yense, tsitsi ndi zikhadabo zomwe, anasowa pansi pa madzi. Chimene aliyense anaiwala n'choti m'makona mwa firiji munali mukadali ayezi. Munthuyo anavuuka akukuwa mawu osamveka, nsagwada zikuwombana, ndipo mpingo unavomereza kuti walandira malilime.

Apongozi aja anaimirira, nayandikira firiji, n'kusuzumiramo nthawi yaitali.

"Wamira ndithu," anatero. "Koma akununkha mbuzi."

Madzulo ake pachakudya Abusa sanatchule za malita. Anangoti njira za Ambuye ndi zozama, ndipo Mayi Busa anati zina zimalekeza mu akakolo. Abusa anapitiriza kutafuna.

Mwezi wotsatira madzi anabwerera m'mipopi. Pafupifupi anadzaza dziwe moyenera, kusiya mpata woti anthu akalowa lisasefukire, koma obatizidwa atsopano analiyang'ana monyinyirika. Onse ankafuna firiji. Gogo wina ananena poyera kuti iye sanadikire zaka zonsezi kuti akalowe m'dzenje la amakanika pamene anzake akulowa mochitika zozizwitsa. Abusa anachita kukonza ulaliki wapadera wotsutsa kupembedza zipangizo za magetsi.

Kubutchala nako anthu anachuluka, ena ofuna nyama ya mufiriji yodalitsika, ena ongofuna kuigwira. A Butchala anasowa wowathandiza, ndipo analemba ntchito Pafupifupi kuti aziima pasikelo. Iye anaigwira ntchitoyo ndi mtima wake wonse. Munthu akati hafu kilo, ankadula mpaka sikelo inene magalamu 500, ikaperewera n'kuwonjezera kachidutswa, fupa likachuluka n'kulichotsa. Sabata yoyamba a Butchala anangomuyang'ana. Sabata yachiwiri, kasitomala atatuluka, anamuitanira kuseri kwa firiji.

"Tamvera, mphwanga," anatero akuyang'ana kukhomo. "Amene anabatizidwa ndine. Sikeloyo ayi."