Mwana Wanga Samwa Mowa

Mwana wanga wamkazi anayamba kumva kupweteka pamwamba pa mchombo ali pa makina ake osokera. Ululuwo unkafika mpaka kumsana, ndipo ankasanza. Kugona chagada kunakanika. Ndinatseka shopu yanga ya nsapato n'kupita naye kuchipatala.

Atamuyeza magazi, namwino anati, "Kapamba watupa. Timadzi take togaya chakudya tachuluka m'magazi."

Mkamwini wanga anafika masana, atavala ovolosi ya ku galaja. Atamva za kapamba, nkhope inasintha.

"Matenda amenewa ndimawadziwa, bambo. Mnzathu wa kuntchito anagona nawo muno. Ndi a mowa. Ndiye kuti mwana wanuyu amamwa mobisa ine ndikachoka."

"Samwa," ndinatero.

"Akatuluka muno apite kwanu. Ine za mkazi woledzera ayi."

Mwana wanga anatembenukira kukhoma. Mayi ake akanakhala moyo akanalankhula zambiri. Ine ndinangotenga makiyi a njinga yamoto amene mkamwini anasiya pa kabati, n'kuwaika m'thumba.

"Bambo, makiyiwo."

"Adokotala abwere kaye."

Anapempha, ananyinyirika, kenako anakhala pa benchi. Adokotala atabwera ndi zotsatira za sikani imene anamuunika nayo mwana wanga m'mimba, ndinawafunsa funso limodzi. "Ndi mowa?"

"Ayi," anatero. "Mu ndulu ya mayiwa muli timiyala. Kamodzi kanatseka njira yomwe timadzi ta kapamba timadutsa, ndiye kapamba anatupa. Mowa umayambitsadi matendawa, koma si wokhawo. Ena amadwala chifukwa cha mafuta ochuluka m'magazi, mankhwala ena, kapena kuvulala pamimba. Magazi amatiuza kuti kapamba ali pa vuto, koma satiuza chifukwa chake. N'chifukwa chake timafufuza."

Kenako anayang'ana mkamwini. "Nanga inu, bambo, mumamwa?"

"Pang'ono chabe. Loweruka lokha."

Mwana wanga anayankha osatembenuka. "Loweruka lawo limayamba Lachitatu."

Namwino anaseka. Adokotala sanaseke. "Ndiye amene ayenera kuopa mowa m'chipinda muno ndinu. Kapamba akamatupa mobwerezabwereza amawonongeka, ndipo shuga ikhoza kutsatira."

Ndinatulutsa makiyi aja n'kumupatsa mkamwini. Sanachoke. Anagwada pambali pa bedi n'kupepesa.

Mwana wanga anakhala pa diripi mpaka kutupa kunaphwa, kenako anamuchotsa ndulu. Pano ali kunyumba kwake, makina akulira ngati kale. Mwamuna wake anasiya mowa. Loweruka amabwera ku shopu kwanga kudzamwa tiyi. Sitilankhula zambiri.

Kupweteka kwambiri pamwamba pa mimba, kofika kumsana, pamodzi ndi kusanza, musakugonere pakhomo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mumamwa mowa, siyani kapamba asanawonongeke. Ndipo wodwala musamuweruze adokotala asanamuyeze.