Lusiyo Sangathamange Atavala Toga

Buku la a Levison Dziwani linaima pa mutu wachisanu ndi chinayi, ndipo analiimitsa ndi mwana wawo yemwe, Jacqueline, amene ankawatayipira pakompyuta ku Lilongwe.

A Levison anaphunzitsa mbiri yakale zaka makumi atatu pasukulu ina kufupi ndi Kasina. Atapuma ntchito anayamba kulemba nkhani ya Lusiyo, nduna ya ku Roma wakale imene inalowa Chikhristu mobisa. M'mutu umenewo asilikali anabwera kudzamugwira, iye n'kuliyatsa liwiro, kudumpha mpanda, kalata ya abale ake ili m'thumba.

"Bambo, thumba lake liti?" anafunsa Jacqueline pafoni. "Mwalemba kuti wavala toga. Ndafufuza ine. Toga si mkanjo ayi, ndi chinsalu chaubweya, mwina mamita asanu, chongodzikulunga nacho. Chilibe thumba, chilibe batani, ndipo dzanja lamanzere ndi limene limachigwirira. Ndiye mpandawo waudumpha bwanji?"

"Waudumpha basi. Ndani kuno ku Dedza anaionapo toga?"

"Ndisiye momwemo?"

"Siya. Ayi, tadikira kaye."

Masiku atatu mtima sunakhale m'malo. Ankapita kudimba kukathirira kabichi n'kubwerako mizere ina ili youma. Ankatsegula kope, kuwerenga ndime ija, kutseka, kuzungulira nyumba, kutsegulanso. Iwo amene ankalemba mzere wofiira pansi pa chaka chilichonse chimene mwana waphonya, lero adumphitse munthu mpanda ndi dzanja limodzi?

Tsiku lachinayi anapinda mabulangete awiri, nakwera njinga yamoto ya kabaza kupita ku Mayani. Kumeneko a Dorika, mng'ono wa malemu akazi awo, ankasoka pakhonde la sitolo ina.

"Alamu, mundilumikizire awa, kenako mudule m'mbalimu mozungulira ngati theka la mwezi."

A Dorika anayang'ana chithunzi chimene Jacqueline anatumiza pafoni, nayang'ananso mabulangete aja.

"Kulumikiza ndilumikiza. Koma kudula bulangete mwezi wa Juni uno, ayi. Mudzafunda bukulo?"

Anasoka, makona n'kungowapindira mkati. Kuvala ndiye kunavuta. Nsonga imodzi paphewa lamanzere, chinsalu chizungulire kumsana, chidutse kukhwapa lamanja, chikwerenso paphewa lomwe lija. Kawiri konse chinapululukira pansi. Kachitatu chinakhala, ndipo a Levison anaima chilili, khosi lili nji, dzanja lamanzere litapindika pamimba ngati lothyoka.

"Mwaoneka bwana," anatero a Dorika. "Tayendani tione."

Anayenda, koma mwapang'onopang'ono. Chinsalucho sichinkalola changu. Kuseri kwa sitolo kunali munda wokolola kale, ndipo kumapeto kwake kunali kakhoma ka njerwa kofika m'chiuno. A Levison analoza.

"Mpanda wa Lusiyo ndi umenewo."

Anathamanga. Pa mzere wachinayi nsonga ya bulangete inawakola mwendo, n'kugwa chafufumimba m'mapesi. Amayi ogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu anasiya malonda, ena ataphimba pakamwa ndi chitenje. A Levison anadzuka, bondo likutuluka magazi, nauza a Dorika kuti awakulungenso. Ulendo wachiwiri anafika pakakhoma paja, koma atangotukula dzanja lamanzere kuti agwire njerwa, chinsalu chonse chinatsika n'kuwamanga miyendo.

Anakhala pansi akupuma mwawefuwefu.

"Mutu wonse wafa," anatero. "Miyezi iwiri ya ntchito."

"Inu alamu, simunaonepo mayi akuthawa njuchi? Chitenje chikamukola amachitaya. Amadzachitola pambuyo."

"Nduna singataye toga. Toga ndi imene imauza anthu kuti uyu ndi mfulu, mwini mzinda. Akaivula atsala ndi kamkanjo kam'kati, ngati wantchito wamba wa mumsewu."

"Nanga asilikaliwo akusaka nduna kapena wantchito?"

A Levison anayang'ana kakhoma kaja. Kenako anaimirira, namasula miyendo, mabulangete n'kutsala m'fumbi. Anatsala ndi malaya okha, mphepo yochokera kuphiri ikuwalowa m'mafupa. Anagwira njerwa ndi manja awiri, nakwera, natsikira mbali inayo. Ataima kumeneko anacheuka kuyang'ana mulu wa nsalu uja, ndipo anamva chisoni chimene sanachiyembekezere. Lusiyo wawo uja akasiya chinsalu chake pamenepo, ndiye kuti wasiya nyumba, dzina ndi mpando wake, ndipo sadzabwereranso kudzachitola.

Anabwerera pakhonde mothamanga, akutsimphina.

"Pensulo, alamu. Ndi pepala lililonse."

A Dorika anawapatsa pensulo yolembera miyezo ndi katoni ya ulusi. A Levison analemba atatsamira pamakina osokera, mbali zonse ziwiri, mpaka malo anatha. M'nkhanimo, kalata ija Lusiyo anaipanikiza pa lamba wa kamkanjo. Atamaliza anaimbira Jacqueline.

"Fufuta kuyambira pamene asilikali agogoda. Ndikutumizira zina mawa."

"Chabwino, bambo. Koma pali kenanso. M'mutu wachitatu Lusiyo akudya nyama yothira tomato."

"Ndiye?"

"Tomato anachokera ku Amereka. Aroma aja sanamudziwe."

A Levison anatseka maso. Zimenezo anaziphunzitsapo okha, chaka ndi chaka, ana akulemba m'makope.

"Usakhudze kanthu," anatero. "Ndikufuna ndiwerengenso kuyambira tsamba loyamba."

Wakabaza anali asanabwere, ndipo iwo sakanatha kudikira. Anapinda katoni ija, naiika m'thumba la malaya, nauyamba wapansi. A Dorika anawakuwira kuti aiwala mabulangete, koma iwo anangokweza dzanja osacheuka. Mayiwo anakung'untha fumbi, natenga lezala, nayamba kusomola ulusi.