Makina Kuseri kwa Katani

Shopu yosoka zovala anaiyambitsa ndi mkulu, mng'ono wake anachita kubwera kudzaphunzira. Makina a mkuluyo ankakhala pawindo, pafupi ndi khomo, moti aliyense wolowa ankayamba wapereka moni kwa iye, n'kumuyalira nsalu patebulo. Mng'onoyo ankasita ndi kuika mabatani kumbuyo.

Kenako mkulu anadwala, nagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali. Tsiku limene anabwerera kuntchito, anapeza pawindo pali makina a mng'ono wake. Ake anali kuseri kwa katani, pakati pa matumba a zidutswa za nsalu ndi chidebe chokolopera.

"Ndakuikani uko kuti mupumeko, achemwali," anatero mng'onoyo, maso ali pa singano. "Kutsogolo kuno kuli fumbi. Mukapeza mphamvu tidzabweza."

Mkulu anathokoza, poti zinamveka ngati chikondi.

Koma anthu anayamba kumuona mwina. Bambo wogulitsa ulusi, amene kale ankavula chipewa polankhula naye, tsopano ankangokweza dzanja chapatali. Makasitomala atsopano ankasuzumira kuseri kwa katani n'kumutuma: "Mayi, tandipatsirani mpando." Iye ankapereka. Posakhalitsa anazindikira kuti akumayamba watsokomola asanatulukire kutsogolo, ngati mlendo m'shopu yake yomwe.

Tsiku lina kunabwera mayi wofuna diresi la ukwati la mwana wake. Mkulu anali kumbuyo akusoka mpendero wa siketi, ndipo ankamva zonse.

"Ali kumbuyowo ndi antchito anu?" anafunsa mayiyo.

Mkulu anaimitsa phazi pa makina, kudikira yankho.

"Eya, amatithandiza," anatero mng'onoyo motsitsa mawu. "Ndi achibale, mukudziwa, sungawataye."

Mkulu sanatsegule katani. Anamaliza mpenderowo bwinobwino, nadula ulusi ndi mano. Makasitomala atatha anafunsa: "Iwe, ine ndachira. Makina angawa abwerera liti pamalo pake?"

"Anthu azolowera kale, achemwali. Tisawasokoneze mutu."

M'mawa mwake mkulu anafika ndi mwamuna wake, akukankha wilibala. Anakweza makina, sizasi ndi tepi yoyezera basi. Mng'onoyo anaima pakhomo n'kumafunsa kuti, "Kodi mwakwiya? Ndalakwa chiyani ine?" Mkulu ndi mwamuna wake anangokankha wilibala, ulendo wa kunyumba.

Masiku ano mkulu amasokera pakhonde la kunyumba kwake. Akakumana pa maliro a achibale, mng'onoyo amamupatsa moni ndi manja awiri, iye amayankha mwaulemu, n'kufunsa za ana. Akamva kuti ali bwino, amanyamuka kukathandiza amayi otsuka mbale.