Saodira pa Zenera la Atelala

"Ababa, kodi chomera chimenechi chikupita kuti?"

Adafunsa ndi mwana wawo wamkazi, kalekale, msinkhu ukadali wolekeza m'chiuno. Adali ataima pakhomo la khitchini, akuyang'ana kansonga kobiriwira kamene kankapapasa khoma ngati chala cha munthu wosaona. Bambo ake, mmisiri wokhoma zidebe, adaseka n'kuyankha kuti chikupita kumene amayi ako achiuze. Amayiwo ndiwo adabwera nacho kuchokera kwawo, kutali, kambulu kamodzi kokulunga m'mpango. Adachibzala okha, ndipo masiku onse a moyo wawo chidangokhala pomwepo, chofatsa, chosapitirira pamwamba pa chitseko.

Mwana uja adakula n'kukakwatiwa kumzinda wina. Amayiwo adamwalira. Apo m'pamene chomera chija chidanyamuka ulendo.

Chidakwera denga, chidayenda pa waya woyanikapo zovala, chidatsikira kuseri kwa mpanda. M'minyololo yake munkabereka timibulu tonga timbatata, ndipo kalikonse kakagwa pansi kankamera. Amuna a mumsewumo adachitema ndi zikwanje n'kukachitaya m'ngalande. Mvula idatenga timibulu tija n'kutigawa khomo ndi khomo. Pofika chaka china chidali chitatsamwitsa mitengo ya mapeyala, chitaweramitsa mipanda, chikusuzumira m'zimbudzi za anthu. Adachitcha Saodira, poti chinkalowa paliponse osanena odi.

Kenaka kudabwera mlangizi wa zaulimi, naimirira pamthunzi wa golosale. "Musamateme n'kutaya," adatero. "Malo amodzi okha amene chinthuchi sichimera ndi mumphika. Masamba ake amadyedwa, timibuluto timadyedwa. Chidyeni."

Anthu adaseka, ena adalavula. Koma njala ya ndiwo ilibe manyazi: nyumba imodzi idayesa, ina idatsatira, ndipo pang'onopang'ono mipanda idayamba kuonekanso. Pakhomo pa mmisiri pokha m'pamene palibe adathyolapo tsamba.

M'kashedi kawo kogwiriramo ntchito kuwala kunkalowa kobiriwira, ngati munthu ali pansi pa madzi. Nyundo ikagunda lata, phokoso silinkapita patali, masamba ankalimeza. Nyengo ya maluwa ikakwana, ngala zoyera zinkalendewera kudenga ngati michira ya ana a nkhosa, fungo lake lolemera, lozuna, lobweretsa tulo dzuwa lili paliwombo. Mmisiri ankatsamira benchi, chidebe chopanda chogwirira chili pamiyendo, n'kumamva masilipasi a malemu mkazi wawo akukwekwereza kuchokera kukhitchini. Ankadziwa kuti ndi masamba akukhudza malata. Komabe sankatsegula maso, kuopa kuti mapaziwo angabwerere panjira.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala atelala, mayi wachikulire amene adakhala nawo moyandikana kuyambira onse tsitsi lili lakuda. Chipinda chawo chosokera chidali ndi zenera limodzi, ndipo makina awo opalasa ndi phazi adali pansi pa zeneralo. Maso adali atayamba kale kutopa. Saodira atafika pagalasi, ulusi udayamba kuphonya singano. Adayesa kutulutsira makinawo pakhonde, koma fumbi la mumsewu linkadetsa nsalu za eni. Tsiku lina adasoka mkono wa diresi chakunja kukhala m'kati, mwini wake n'kupita nayo kwa telala wina osatsazika.

Madzulo ake adagogoda pampanda ndi sizasi.

"Aneba, muli moyo m'nkhalangomo?"

"Tilipo, mayi. Kaya inu?"

"Ine ndili mumdima. Mlendo wanuyu wanditsekera zenera. Ndikathyola mbali yanga, kukacha wabweranso, poti mphamvu zake zili kwanuko."

Mmisiri adayika nyundo pansi. "Ndikudziwa. Ndikuti ndikugulireni babu lowala kwambiri."

"Magetsi ake ati, amene amabwera ngati mwamuna wamitala? Ine ndimasokera dzuwa, achimwene. Likandichokera dzuwa, ndasiya ntchito."

"Chinthuchi adabzala ndi mnzanu uja," adatero mmisiri motsitsa mawu. "Manja ake adagwira dothi limeneli. Nditenge mpeni ndimudule? Ndimuike mumphika? Anthu adye za kwawo. Pano ayi."

Atelala adawayang'ana nthawi yaitali kudzera pampata wa masamba. Adabwerera m'nyumba, ndipo makina sadalirenso tsiku limenelo.

Mawa lake masana adabwera, ulendo uno kudzera pageti, atanyamula mbale yovindikira. Adawerama polowa m'kashedi, akukankha ngala za maluwa ndi chigongono.

"Kuno ndiye kumanda kwabwino," adatero. "Sendezani malata anuwo. Mwaonda ngati chogwirira cha ndowa. Idyani."

M'mbalemo mudali mpunga, pambali pake ndiwo zamasamba zobiriwira kwambiri, zoterera pang'ono, za tomato ndi anyezi. Mudalinso tizidutswa toyera, tofewa. Mmisiri adasamba m'manja, nathokoza, natapa.

Adatafuna kamodzi n'kuima.

Shedi idakhala ngati yatalikira. Adaona tebulo la kukhitchini lili ndi nsalu yake ya maluwa ofiira, mwana akugwedeza miyendo pampando, nthunzi ikukwera kupyola pa kuwala kwa pakhomo. Adamva supuni ikugogoda m'mphepete mwa poto kawiri, monga ankachitira mkazi wawo asanapakule. Kukoma kumeneku adakufunafuna chimwalirire mayiwo. Adagula masamba a mtundu uliwonse kumsika, adasintha mafuta, adasintha poto, mpaka adangoti mwina lilime nalo limaferedwa.

"Mwazitenga kuti ndiwozi?"

"Pazenera langa."

Mmisiri adayang'ana m'mbale, kenaka kudenga.

"Mwadya Saodira zaka zonse za ukwati wanu, bambo," adatero atelala, akukhala pa chidebe chovundikira. "M'mawa uliwonse inu mukayamba kugogoda malata, mnzanga ankatuluka ndi beseni. Ankabudula nsonga zonse zimene zatuluka, n'kutola timibulu tisanagwe. Zina ankandipatsira pampandapa. Mumayesa chinkaima pachitseko chifukwa cha ulemu?"

"Amati ndi masamba a kumsika."

"Akanati chiyani? Si inu mudanena muli mkamwini watsopano kuti udzu wa kwawo simungaudye? Ankabwera kwanga kudzaseka. Amati, mwamuna wanga watha mbale ya udzu, wapemphanso wina."

Mmisiri adafuna kuseka, koma chimene chidatuluka sichidali kuseka kwenikweni. Adapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Atelala adayang'ana kumbali, n'kumachotsa ulusi pa chitenje chawo.

"Ndiye ine ndimati ndikumusungira," adatero mmisiri.

"Mumasunga, inde. Sindikukuweruzani. Aliyense amalira ndi chimene ali nacho pafupi. Koma mwini wake sankachisunga chotero. Ankachikonda ndi beseni m'manja."

Kamphepo kadadutsa, maluwa oyera adagwa pang'onopang'ono pabenchi, pamalata, m'mbale. Mmisiri adachotsa duwa limodzi pampunga n'kupitiriza kudya, mosafulumira, mpaka mbale idayera. Atatha adaimirira, nasankha beseni latsopano pa mulu wa zogulitsa, natuluka nalo. Atelala adawatsatira.

Adayambira pampanda, moyang'anizana ndi zenera lija. Zala zozolowera lata zidali zolimba, ndipo poyamba ankakoka mwamphamvu, timibulu n'kumagwa.

"Osatero, mukubzala," adatero atelala. "Dzanja lina pansi, ngati mukulandira chenji. Kagwa ako, katoleni."

Adatola. Beseni lidadzaza, adabweretsa ndowa. Dzuwa litapendeka, pakona ya galasi padatseguka kampata konga chikhatho, ndipo kuwala kudalowa n'kukagwa pa gudumu la makina. Atelala adalowa m'nyumba, nanyowetsa ulusi ndi milomo, naulozetsa pa singano. Udalowa ulendo wachiwiri.

Adatulutsa mutu pazenera. "Zonsezi sitingazithe awiri. Mawa muitane a m'nyumba zapafupizi abwere ndi mabeseni awo."

"Abwere. Athyole padenga, pashedi, pawaya, ponse." Mmisiri adazengereza. "Koma tsinde la pakhomo la khitchini likhale."

"Likhale, bola lisapitirire chitseko. Likapitirira ndibwera ndi khasu, ndipo simudzandiletsa."

"Silipitirira. M'mawa uliwonse ndisanagwire nyundo ndizigwira beseni. Zenera lanu likadzadanso, mudzanditenge ine mudzandiphike."

"Nyama yake iti?" Atelala adaseka. "Chabwino. Inu muzithyola, ine ndiziphika, mbale yanu izidutsa pampandapa. Koma tinene zonse lero, poti tonse ndife a madzulo. Mukatsogola inu, tsindelo ndidzalikumba. Sindidzasiyira ana a eni nkhalango."

Mmisiri adayang'ana kukhomo la khitchini, kumene tsinde lakale lidakulungana ngati chingwe.

"Mudzalikumbe," adatero. "Nanga mukatsogola inu?"

"Ndiye kuyambira mawa muziima pafupi ndi poto, muziona mmene ndikuchitira."

"Ndiziima."

"Mwalonjeza, aneba?"

"Ndalonjeza, mayi."