Kapepala Kofiira pa Sipika ya Nasima

Nasima anali atagwada akumasula mawaya pamene a Shafiq, malume a mkwatibwi, anagogoda sipika ndi ndodo yawo.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

Kumbuyo kwa sipikayo kunali kapepala kofiira kolembedwa kuti "Factory Second". Nasima anakaona dzana ku Limbe pogula masipika awiriwo motchipa, koma pothamangira minibasi sanafunse. Ukwati wa pa Namitambo umenewu unali ntchito yake yoyamba chimwalirire mwamuna wake, yemwe ankaimba nyimbo m'maukwati.

"Sekondi ndi kaunjika," anatero a Shafiq. "Mwana wa mlongo wanga avinire zotaya ena? Nyamulani. Ndiitana a Frackson a ku Mikolongwe abwere ndi masipika awo."

"Bambo, n'zatsopano. Ndinazitulutsa ndekha m'katoni."

"Nanga alembapo sekondi chifukwa chiyani?"

Nasima anazembera kuseri kwa tenti n'kuimbira mwini sitolo. Foni inaitana mpaka kuduka. Anayesanso. Azimayi ophika anasiya kusankha mpunga n'kumamuyang'ana. Anabwerera, nayamba kukanda kapepalako ndi chikhadabo, kenaka analeka. Ataimba kachitatu, munthu anayankha.

"Si zakale, mayi. Zimatuluka ku fakitale zili ndi kachilema, ndiye amazitsitsa mtengo. Kaya kukalika, kaya chogwirira chopindika."

"Zangazi chilema chake chili pati?"

"Aaa, fufuzani nokha."

Anatembenuza masipika onse awiri, akusisita ndi manja. Yoyamba inali yokalika m'mbali, basi. Yachiwiri inalibe banga lililonse, ndipo zimenezo zinamuopsa koposa. Analumikiza mawaya n'kuika nyimbo. Inamveka bwino. Atakweza kwambiri, m'kati mwa yachiwiriyo munayamba kuphokosera ngati lata lomasuka pamphepo.

A Shafiq anali patali, akukalipira oika mipando. Sanamve. Nasima anatsitsa msangamsanga. Anaima kanthawi, kenaka anawatsatira.

"Bambo, imodzi ili bwinobwino. Inayi ikakwezedwa kwambiri ikulira moipa. Ndiikweza theka, ndiiimike pafupi ndi ovina. Ngati simukufuna, aitaneni a Frackson."

A Shafiq anamuyang'ana, foni ili m'manja.

"A Frackson omwewo chaka chatha anatiuza kuti zonse zili bwino, zinthu n'kuzima pakati pa perekaniperekani." Anaika foni m'thumba. "Imikani. Koma kapepalako kayang'ane kumpanda."

Nasima anakokera sipikayo pamalo pake. Madzulo onse dzanja lake silinachoke pa batani lokwezera mawu.