Fupa la Mlendo

"Fupa la munthu wina? Wa kuti ameneyo?"

"Dzina satiuza, mayi. Timangodziwa kuti anali wathanzi."

"Wathanzi bwanji poti anamwalira?"

Dokotala Kaliva anameza kuseka. Wofunsayo anali Mayi Argyro, mkazi wa a Stamatis, dalaivala wa basi yochoka mumzinda wa Volos kukwera kumidzi ya kuphiri. Eni akewo anali chigonere pabedi, maso ali pa chithunzi cha ekisire cha chiuno chawo chimene chinapachikidwa pakhoma. Khansa inali itadya fupa la kumanzere, ndipo Lolemba chotupacho chinayenera kuchotsedwa pamodzi ndi fupalo. Chimene chinatsala n'kusankha choika pamalo pake.

Dokotala anayala njira zitatu. Akanatha kusaikapo kanthu: mwendo ukanafupika, a Stamatis n'kumatsimphina moyo wawo wonse, basi n'kuiwala. Akanatha kuikapo chitsulo chosulidwa molingana ndi thupi lawo: munthu amaimirira msanga, koma pakapita zaka chimakhwefuka n'kufuna opaleshoni ina. Kapena fupa la munthu amene anapereka thupi lake asanamwalire: limachedwa kugwirana ndi la mwini, nthawi zina limakana, koma likagwira limakhalitsa.

Mayi Argyro njira yachitatuyo anaikana kwamtuwagalu. Manda a m'tauni ndi obwereka kwa zaka zowerengeka chabe, ndipo chaka chapitacho nthawi ya apongozi awo itakwana, anali iwo amene anaima pamene ankawafukula, n'kutsuka mafupa awo ndi vinyo asanawaike m'kabokosi kuseri kwa tchalitchi.

"Mayi anu ndinawatsuka ndi manja awa, ndipo fupa lililonse linali lawo," anatero. "Ndiye tsiku lanu likadzafika, ndidzatsuke mlendo? Wansembe adzatchule dzina la ndani?"

"Onani, adokotala, sindinafe n'komwe, awa ayamba kale kundifukula."

"Musandiseke, bambo inu. Amati mlendo ndi mame, koma uyu akalowa m'chiuno sadzauma."

"Mwina anali katswiri wovina. Pa chikondwerero cha mu Ogasiti mudzandigwira malaya."

"Inu? Amene munandiponda phazi pa ukwati wathu?"

"Nanga chitsulocho mudzachitsuka ndi chiyani? Vinyo kapena girizi?"

Mayiwo anawamenya pamkono ndi chikwama, koma mkonowo sanausiye. Ananena motsitsa mawu kuti chitsulo chilibe mayi wake amene akuchilira kwina, choncho angachilandire.

Dokotala anadikira mpaka atamaliza. Kenako ananena kuti maganizo ake nayenso anali pa chitsulo. Mankhwala amene a Stamatis adzalandire pambuyo pa opaleshoni amachedwetsa mafupa kugwirana, ndipo iye ankafuna kuwaona akuyenda, ali kwawo, nyengo yozizira isanafike. Mayi Argyro anapuma ngati atula mtolo. Anayamba kufunsa za ndodo, za masitepe a kunyumba, ndiponso ngati angabweretse msuzi wa nyemba, chifukwa wa m'chipatala unali madzi okhaokha.

A Stamatis sanachotse maso pa dokotala. Ntchito yawo inawaphunzitsa kudabwa galimoto yakutsogolo ikachepetsa liwiro pamsewu woongoka. Pabedi loyandikana nalo panagona a Lambros, mphunzitsi wopuma pantchito, wowaposa zaka kutali. Chotupa chawo chinali cha mtundu wofatsa, ndipo dokotala yemweyu anawaika fupa la womwalira. A Lambros ankakonda kubwereza zimene anauzidwa, kuti munthu wokhala ndi zaka zambiri kutsogolo asamapatsidwe chinthu chotha.

"Argyro, takhalani kaye pansi," anatero a Stamatis.

"Ndikufunsa za masitepe."

"Masitepe sathawa."

Mayiwo anakhala m'mphepete mwa bedi. A Stamatis anadzikoka mpaka msana unatsamira pilo, n'kunena kuti asankha chitsulo, adokotala akonze za Lolemba. Dokotala Kaliva anagwedeza mutu n'kutsitsa chithunzicho. Anali atafika pakhomo pamene a Stamatis anamuitananso, ndi mawu omwe amafunsira wokwera kumene akutsikira.

"Mwati chitsulo chimakhwefuka pakapita zaka, koma za opaleshoni yachiwiriyo simunandiuze kanthu. Adokotala, chiyambe kutha n'chiyani, chitsulocho kapena ine?"