Tambala ndi Kalata ya Tesfay

"Ndiye mwagula tambala wamoyo chifukwa cha kalata?"

"Ndagula chifukwa ndatopa nazo nkhuku za m'firiji zofewa ngati buledi. Za kalatazo ndangopezerapo mwayi."

A Phyllis anayang'ana amuna awo, a Kenneth, mmene amayang'anira wodwala amene akuti mankhwala wamwa kale. Anali atangoweruka kuchipatala, yunifolomu idakali m'thupi. Kalatayo inali pathebulo la kukhitchini, yotayipidwa bwino, yongosowa kuti mkulu wa mpingo wa Amalawi ku Middlesbrough asaine. Mkuluyo anali a Kenneth.

Mwini kalata anali Tesfay, bambo wothawa kwawo. Dziko lake linali pankhondo ndipo boma linkagwira amuna kuti akalowe usilikali. Iye ankati anakana kugwira mfuti chifukwa Yesu salola kupha munthu, anatsekeredwa, kenako anathawa. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankapemphera nawo, kukhala mpando wakumbuyo n'kumawombera m'manja nyimbo zomwe sankazimva. Loya wake anati Lolemba kukhoti kukufunika umboni wa mpingo woti chikhulupiriro chakecho si chadzulodzulo. Popanda umboniwo akanatha kubwezedwa kwawo.

"Ku Zomba anthu amathamanga mpaka kukomoka kuti alembedwe usilikali," anatero a Kenneth. "Ena amachita kuchepetsa zaka. Uyu akumupatsa ntchito, zovala, chakudya, akuti toto? Mayi a Nicole, ine sindisainira bodza. Mwaona mmene amaimira ngati msilikali? Msana ngati mtengo wamagetsi. Ndiye nsapato, kupolisha kwake!"

"Inunso mumapolisha."

"Ine ndinaphunzira kusekondale yogonera konko. Tamverani. Akafika ndimupatsa mpeni, monga timachitira ndi mlendo amene wasanduka wapakhomo. Munthu woopa magazi amadziwikira pankhuku."

Tesfay anafika pa basi ya masana, atanyamula malalanje. Atapatsana moni, a Kenneth anapita naye kuseri kwa nyumba, pakati pa mabini ndi mpanda. Anayamba ayang'ana mawindo a aneba, chifukwa azungu a mumsewuwo ankadziwa nkhuku ya m'pepala yokha. Kenako anamupatsa mpeni uku akumwetulira kwambiri.

Tesfay anayesa mpeniwo ndi chala chachikulu, anapukusa mutu, napempha wina wakuthwa. Anaponda mapiko ndi phazi limodzi, miyendo ndi linalo, anang'ung'udza kapemphero m'chinenero chake, n'kucheka kamodzi. Anamugwirabe tambalayo mpaka atasiya kuphupha, kuti magazi asathovukire pampanda wa aneba. Pansapato zake sipanagwe dontho.

A Kenneth analowa m'khitchini mothamanga, akunong'ona.

"Mwaona? Kamodzi kokha! Dzanja osanjenjemera. Amene uja waphapo."

"Waphapo nkhuku, bambo a Nicole. Ine ndinayamba kuzinga ndili Sitandade 4. Ndine msilikali?"

"Nanga kuyesa mpeni kuja? Anakuphunzira kuti?"

"Kwa aliyense amene ali ndi mpeni. Chabwino, akanakana mukanatani?"

A Kenneth anali munthu wosanama, ndipo nthawi zina zinkawapweteketsa.

"Ndikanadziwa kuti akuchita sewero. Mwamuna uti wa ku Africa amene sangazinge nkhuku?"

"Ndiye tambalayu wafera chiyani?"

"Ndiwo," anatero a Kenneth, koma mawu anali atachepa.

Tesfay anali ataima pakhomo, tambala ali lende m'dzanja. Chichewa sankachimva, koma kunong'ona kumamveka m'chinenero chilichonse, ndipo anaona kuti maso a onse awiri akuthawa pathebulo. Anaika tambalayo m'beseni, nasamba m'manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Atamaliza analankhula m'Chingelezi chake chosankha mawu.

"Kundende ankati ndine wamantha. Kukhoti akuti mwina ndine wabodza. Konseko amandiuziratu kuti lero tikufunsa mafunso. Kuno ndimayesa mwandiitanira chakudya."

"Chakudya chilipo, achimwene," anatero a Kenneth. "Khalani pansi. Madzi akuwira, tisosole."

Tesfay sanakhale. A Phyllis anasolola cholembera m'thumba la yunifolomu n'kuchiika pamwamba pa kalata. A Kenneth anachiyang'ana, manja ali kumbuyo.

"Bambo," anatero Tesfay, "musaina kapena ayi?"